Ditekita yathu m'mayadi a ku Joni: pomwe tafika ndi katchunidwe

Juni

Tilipo atatu pa ntchitoyi: ine, alamu anga, ndi malume amene anafika kuno ku Joni ife tisanamere mano. Tonse ndife a m'gadeni. Tinasonkherana n'kugula ditekita (makina osakira zitsulo m'nthaka) ya Minelab Equinox 600 kwa munthu amene anatopa nayo, pamodzi ndi koyilo yake (mbale yokupiza pansi) ya mainchesi 11 ndi mahedifoni a waya. Tikufuna kuti mvula ikamadzayamba tikhale tili ndi kakhadi kamodzi kolembapo katchunidwe ka makinawa pa ntchito zitatu. Yoyamba ndi kusaka mphete, ndolo ndi matcheni amene mabwana ndi madona amataya pa kapinga. Apa m'pamene pali ndalama, chifukwa wotaya mphete ya ukwati sanenerera mtengo. Yachiwiri ndi makobidi akale m'mayadi a nyumba zakale, eni ake akavomera. Yachitatu ndi tinthu takale ta m'nyumba, mabatani, makiyi, mabaji, timagalimoto ta ana tachitsulo.

Tisanayatse n'komwe makina, malume anatikhazika pansi pa nkhani ya malamulo. Lamulo la National Heritage Resources Act la 1999 limati chinthu chopangidwa ndi anthu chimene chili m'nthaka, chinasiya kugwira ntchito ndipo chapitirira zaka 100, mwini wake ndi boma. Za nkhondo malire ake ndi zaka 75. Kulowa ndi ditekita pamalo otere opanda pemiti ndi mlandu. Choncho ku Melville Koppies, kumene katswiri wa zinthu zakale Revil Mason anafukula ng'anjo yosungunulira chitsulo mu 1963, sitipondako. Ku Klipriviersberg, kuli mipanda ya miyala ya midzi yakale, ayi. Ku Doornkop, kumene Jameson ndi asilikali ake anagonjera Mabunu mu Januwale 1896 ndiponso Angelezi ndi Mabunu anamenyanako mu Meyi 1900, ayi ndithu. M'mapaki a mzinda namonso sukumba wopanda chilolezo. Ndiye pali china chimene sichinalembedwe paliponse koma wa kwathu aliyense amachidziwa: mlendo wonyamula makina ndi fosholo pafupi ndi milu ya mchenga wa m'migodi, amamuyesa zama zama (wokumba golide mozembera malamulo) asanatsegule n'kamwa komwe. Ife tizikhala m'mayadi a anthu, kalata ya mwini nyumba ili m'thumba.

Julayi, ku Rosettenville

Kuseri kwa nyumba imene alamu amachita lendi kuli kamalo kamene kale kanali ka ndiwo zamasamba, ndipo landilodi watilola kuyeserapo. Tinayamba tachotsa msomali uliwonse, kenako tinakwirira zinthu zodziwika motalikirana sitepe imodzi, china pa masentimita 10, china pa 15, china pa 20, chilichonse ndi kamtengo kozika pambali pake.

Makinawa sauza munthu kuti ichi ndi golide, ichi ndi siliva. Amangopereka nambala kuchokera pa -9 kufika pa 40. Kuyambira -9 mpaka 0 ndi chitsulo chochita dzimbiri, misomali ndi mawaya, ndipo kuyambira 1 kupita m'mwamba ndi zina zonse. Nambalayo imatsata mmene mphamvu ya magetsi imazungulirira m'chinthucho, ndiye kukula kwake, kuchindikala kwake ndi mmene chagonera m'dothi zonse zimalowapo. Chitini chofinyika chokwiririka pansi kwambiri chimalira mokoma kuposa tiki, kandalama ka mapeni atatu.

Makobidi akale enieni sanavute. Peni yaikulu ya nthawi ya Union of South Africa, ya chombo kumbuyo ija, inalira pa manambala a m'ma 20 osagwedezeka, mbali iliyonse imene tinaidzera. Sheleni ya siliva chimodzimodzi. Tiki inatsika, ndipo pa masentimita 20 inkangonong'ona. Tinali ndi matiki awiri, ina ya 1943 ina ya 1955, ndipo sanafanane. Siliva wa ndalama za Union anali magawo 80 pa 100 kuyambira 1923 mpaka 1950, n'kutsitsidwa kufika pa 50 kuyambira 1951, n'chifukwa chake ya 1955 ikuwerenga motsikirapo. Malume anabweretsa peni yobowola pakati ya Rhodesia and Nyasaland, ya njovu ziwiri ija, imene bambo awo ankayenda nayo pa chingwe nthawi ya Wenela. Yokwirira anakaniratu. Tinangoiika pamwamba pa udzu iwo ataimirira pomwepo, inalira pansi pang'ono pa peni ya Union, n'kubwerera m'thumba mwawo.

Mutu ukuima pa ndalama za pambuyo pake. Randi inayamba pa 14 Febuluwale 1961, ndipo masenti oyambirirawo, mpaka 1964, anali adakali a siliva wa theka ndi a bulasi, osavuta kumva. Kuyambira 1965 anasintha: 5c, 10c, 20c ndi 50c zinakhala za nikelo weniweni, chitsulo chimene chimagwira maginito, ndipo R1 inatsatira mu 1977. Tindalama ting'onoting'ono tofiira ndi tachikasu timene tinabwera cha m'ma 1990, m'kati mwake ndi chitsulo wamba, kopa kapena bulonzi anangopakapo pamwamba. Tengani maginito a sipika yakufa muyandikize pa 20c muone. Pa ditekita ndalama zoterezi sizikhazikika. 50c imodzi yomweyo ikupereka nambala ina popita, ina pobwerera, ndi kamdidi ka chitsulo kumapeto, gu. Itaima cham'mbali ikugwera pansi pa 0. Mu Park 1, imodzi mwa mapulogalamu a makinawa, mmene imachokera kufakitale, imene imatseka pakamwa manambala onse a chitsulo, kulira kwake kukumveka koduladula, ndendende chitsekerero cha botolo la mowa.

Makanema ambiri ophunzitsa katchunidwe pa YouTube ndi a ku America, kumene makobidi awo sagwira maginito, ndipo amalangiza kuti tseka manambala apansi uzingokumba apamwamba. Kwawo zimagwira. Kuno ukatero wataya makobidi a nikelo onse, wataya tating'ono ta masiku ano, ndipo golide wapita nawo limodzi, poti mphete zambiri zimakhala pansi pa 20. Kuli ngati kupeta: ukakupiza lichero mwamphamvu kuti gaga achoke yense, mphale nayo imagwa. Tagwirizana zodina batani la chizindikiro cha nsapato ya hatchi lija, lotsegula zitsulo zonse, kenako n'kutsitsa voliyumu ya chitsulo kuti mdidi wake uzimveka patali koma osasowa. Pa kuchuluka kwa mamvekedwe sitinagwirizane. Alamu akufuna 50, akuti amamva kukwera ndi kutsika kwa chinthu. Malume akuti zimenezo n'zopweteketsa mutu, 5 akwana. Ine ndili kwa malume pakali pano, koma ndikuona kuti alamu akukumba zinyalala zochepa kuposa ife.

Kumapeto kwa Julayi, ku Randburg

Yadi ya kumene malume amagwira Lachiwiri ndi Lachisanu. Titangoyatsa pa Sensitivity (mphamvu ya kumva kwa makina) 20, makina anayamba kubwebweta koyilo ili m'mwamba. M'kati mwa phokosolo munali kugunda kwina kobwera pafupifupi sekondi iliyonse, thi, thi, thi. Fensi ya magetsi ya pamwamba pa mpanda. Noise Cancel, yochotsa phokoso la magetsi, inachotsa kubwebwetako koma fensi inatsala. Dona anazimitsa yake, za maneba mbali zitatu zinapitiriza. Chimene chinathandiza ndi kutsika pa 16 kapena 17, ndipo m'mphepete mwa mpanda kuchoka pa Multi (mafrikwensi ambiri nthawi imodzi) kupita pa frikwensi ya 15 kHz yokha, poti mafrikwensi apansi ndi amene amatola kwambiri phokoso la magetsi. Foni nayo ikhale m'chikwama, osati m'thumba la mbali ya makina. Tsiku lina magetsi atathima dera lonse, makina anakhala zii mpaka tinakwera kupitirira 22 osamva kanthu, kupatula fensi ija, imene ili ndi batire lake.

Kutsitsa Sensitivity kunkawawa alamu, akuti tikutaya kuya kumene tinalipira. Tinabwerera ku kamunda koyesera kukathetsa mkangano. Tiki ya pa masentimita 15 ikumveka pa 17 mofanana ndi pa 22. Kusiyana kukuoneka pa ya masentimita 20 yokha, ndipo m'yadi ya phokoso kanong'onong'o kameneko sungakasiyanitse n'komwe ndi zabodza.

Dothi nalo si limodzi mumzinda muno. Kumpoto, Randburg mpaka Midrand, pansi pake ndi mwala wa granite, dothi lamchengamchenga, koma muli timiyala tofiirira tolimba timene kuno amati ouklip, tokhala ndi chitsulo. Pa mizere ya mapiri yodutsa pakati pa mzinda pali miyala ya chitsulo yamphamvu moti m'zaka za m'ma 1930 katswiri wa miyala Rudolf Krahmann anaitsata ndi chipangizo choyezera maginito, n'kulozera kumene mtsempha wa golide unapitirira pansi kumadzulo, dera la Carletonville lero. Mwala umene unalankhula ndi chipangizo cha Krahmann ndi womwewo ukusokoneza koyilo yathu. Kumwera kuli katondo womata. Ndiye Ground Balance, kuzoloweretsa makina dothi, tikuchita pa yadi iliyonse: kupeza malo opanda chitsulo, kugwira batani, kukweza ndi kutsitsa koyilo mpaka nambala itakhazikika. Ku Randburg kusiya pa 0 sikukusintha zambiri. Chapafupi ndi mapiri, ukapanda kuchita, nthaka yokha imadandaula pa kukupiza kulikonse. Ouklip amalira mofewa pa -9 ndi -8, ndipo ukati umulondole pomwe ali amasamuka. Tasintha zimene tinagwirizana zija: m'malo motsegula zonse ndi batani, tikutseka -9 ndi -8 zokha, kuyambira -7 kupita m'mwamba n'kotsegula.

Ogasiti, ku Kensington

Apa ndiye tachedwapo, ndipo tidakalipo. Nyumba ya denga la malata, khonde lofiira, gogo wachizungu wokhala yekha amene alamu amamudulira mitengo. Yadi yotereyi chitsulo chili pa phazi lililonse. Misomali ya denga, mawashala a mtovu amene ankaika pansi pa misomaliyo, zidutswa za malata odyeka, mawaya, ndipo kuseri pafupi ndi khomo la kukhitchini kuli phulusa la sitovu ya malasha la zaka zambirimbiri. Mawashala a mtovu aja amalira mozungulira bwino ngati kobidi, ndipo palibe katchunidwe kamene kangawachotse. Timangowakumba. Chitini chathunthu chadzadza.

Chofunika kwambiri pano ndi Recovery Speed, kufulumira kumene makina amaiwala chinthu choyamba kuti amve chachiwiri. Pa 600 imayambira 1 kufika 3. Tinayesera pabwalo la simenti lopanda waya m'kati: sheleni pakati, msomali wa dzimbiri pambali pake motalikirana zala ziwiri. Pa 1, msomali unameza sheleni yonse, gu basi. Pa 3, sheleni inatulukira, kalikhweru kafupi pambuyo pa mdidi. Titaudzera msomali m'litali mwake sheleni inasowanso, titazungulira n'kuudula chopingasa inabwerera. Kuchokera tsiku limenelo malo aliwonse tikuwadutsa kawiri, mzere woyamba kuchokera kumpanda kupita kunyumba, wachiwiri chopingasa. Chimene timataya tikakweza Recovery Speed ndi kuya, koma m'yadi muno chobisa makobidi si kuya ayi, ndi misomali.

Dzanja nalo lili ndi mbali yake. Alamu amakupiza koyilo mofulumira ndipo kumapeto kwa mkono imanyamuka pansi. Malume akawaona amangoti, "Alamu anu awa akutchetcha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, auzeni." Koyilo iyenera kukhudza udzu kuchokera mbali ina kufika mbali ina, mzere wotsatira n'kubwereza theka la woyamba.

Iron Bias ndi imene yatipatsa maganizo. Ukaikweza, makina akakayikira chinthu amachiwerengera ku chitsulo. Ukaitsitsa, amachipatsa mwayi. Misomali yopindika ndi zidutswa za malata zimakonda kunamiza, zimaponya kalikhweru kapamwamba, m'ma 30, mbali imodzi yokha. Pa Iron Bias 3 bodza limeneli likuchepa ndipo zitsekerero za mabotolo zikudziulula, makamaka pa F2, mtundu wina wa Iron Bias umene unabwera ndi pulogalamu yatsopano ya 2019. Koma pa 3 pomwepo sheleni yogona pafupi ndi msomali ikuzimiririka, ndipo 20c ya nikelo ikumveka ngati chitsekerero. Ku Kensington taima pa 1, tikukumba zambiri, msana ukudziwa. Kumalo a phulusa tikugwiritsa ntchito pulogalamu ya Field 2, chifukwa zotsalira za malasha zimawerenga 1 ndi 2, ndipo ma Field onse awiri amabwera atatseka kale manambala amenewa.

Zotuluka mpaka pano: 1c yachikasu ya ngolo ya ng'ombe ya 1961, ma 1c a mpheta ziwiri angapo, tiki imodzi yakuda bii, kiyi wa chitseko wamkulu, mutu wa mpopi wa bulasi, chubu cha mankhwala otsukira mano cha mtovu, ndi kagalimoto ka ana kopanda matayala. Kagalimotoko gogo anakatenga, akuti kanali ka mwana wawo amene ali ku Australia. Tikiyo inali pansi pa waya woyanikira zovala, ndipo malume akuti m'yadi iliyonse yakale tiziyambira pamenepo ndi pa geti, chifukwa m'pamene matumba ankakhuthukira.

Nkhani ya zaka 100 ija yayandikira kuposa mmene tinkaganizira. Ndalama zoyamba za Union za 1923 zadutsa kale malirewo, osanena za mutu wa Paul Kruger za m'ma 1890. Tapangana kuti chotere chikatuluka, kaya chipolopolo kaya batani la asilikali, tikujambula pomwe chili, tikuuza mwini nyumba, ndipo nkhani ipite ku SAHRA, bungwe la boma loyang'anira zinthu zakale. Sichikulowa m'thumba la munthu.

Kakumbidwe: nyengo ino dothi ndi louma gwa, ndipo kapinga ukamudula chozungulira n'kumuzula amafa, pamatsala chigamba chachikasu chimene mwini nyumba sangakukhululukire. Tikudula mbali zitatu zokha, n'kupinda ngati chitseko mizu ya mbali yachinayi ili yolumikizana, dothi pa saka, tikamaliza n'kubwezera, kupondapo, kuthirira. Ndipo musanazike fosholo funsani kumene kunadutsa mapaipi ndi waya wa magetsi a m'gadeni.

Seputembala

Ganyu woyamba wolipira. Dona wa ku Randburg uja anatitchula pa gulu la WhatsApp la mumsewu mwawo, ndipo mayi wina anaimba kuti wataya ndolo akusewera ndi galu. Tinawapempha inzake yotsalayo. Kandolo kakang'ono ka golide wa 9 carat, kolembedwa 375 pa kamtengo kake. Titakaika pa udzu, Park 1 inangokhosomola. Park 2, imene imatsamira mafrikwensi apamwamba, inakamva bwino, pa manambala apansi penipeni pamene pamakhala mapepala onyezimira a m'paketi ya ndudu ndi a maswiti. Tikanakhala kuti tinatseka manambala apansi kuthawa zinyalala, tikanaiponda ndoloyo n'kudutsa.

Katchunidwe ka ntchito imeneyi n'kosemphana ndi ka makobidi. Chinthu chotayika sabata yatha sichinalowe m'nthaka, chakodwa m'mizu ya kapinga. Ndiye Sensitivity tinaitsitsa mpaka pamene ndolo yoyesera ija ikumvekabe koyilo ikukhudza udzu, koma mapaipi ndi zinyalala zakuya zakhala chete. Tinamanga zingwe ziwiri kupanga kanjira, n'kumazisuntha tikamaliza. Fosholo inatsala ku geti. Masipulinkala obisika pansi aja ali ndi sipuling'i yachitsulo m'kati, ndiye tinayamba tawayatsa kuti tione pomwe ali n'kuzikapo timitengo. Nditatola kale mapepala onyezimira okwana dzanja, pafupi ndi mtengo wa mandimu panalira nambala yomwe ija, yosasuntha mbali zonse. "Alamu, musasunthe phazi," ndinatero, poti anali ataima pomwepo. Inali pansi pa udzu, m'mphepete mwa gambutsi yawo.

Za mphete taziyesera pa zobwereka kwa akazi athu ndi kwa madona. Yopyapyala ikuwerenga pansi pa 10, yaukwati yachimuna yonenepa ikukwera kufika m'ma 10 apamwamba, pamene pamakhalanso timphete totsekulira zitini za zakumwa. Yasiliva ya 925 ili m'mwamba pamodzi ndi makobidi. Tcheni chopyapyala ndiye chovuta kuposa zonse, chifukwa makina samva tcheni chonse koma kalumikizo kamodzikamodzi, nthawi zina kokowera kokha. Kasitomala akaimba, funso loyamba likhale lakuti chinthucho n'chachitsulo chanji ndipo kodi pali china chofanana nacho choti tiyesere.

Okutobala

Mvula yoyamba yagwa, ndipo kamunda ka ku Rosettenville kasintha mawu. Tiki ya pa masentimita 20 imene inkanong'ona mu Julayi tsopano ikumveka ndi nambala yake. Koma misomali ya dzimbiri ku Kensington nayo yalimba mtima, ikunamiza kuposa kale, moti Iron Bias takweza kufika pa 2 kumeneko dothi likanyowa. Masana mitambo ikamasonkhana mahedifoni amayamba kuthetheka mphezi zikadali kutali. Tikangomva zimenezo tikupakira, mphezi za kuno sizicheza ndi munthu woima pabwalo ndi ndodo m'manja.

Kakhadi kaja kalembedwa ndi pensulo. Pa makobidi m'yadi yoyera: Park 1, Multi, kutseka -9 ndi -8 zokha, Recovery Speed 2, Sensitivity pamene makina angokhala chete, nthawi zambiri 17 mpaka 20. Pa zokongoletsera zotayika kumene: Park 2, Sensitivity yotsika, osatseka nambala iliyonse yoposa 0. Pa mayadi akale a misomali: Field 2, Recovery Speed 3, Iron Bias 1 kouma, 2 konyowa, kudutsa kawiri. Noise Cancel ndi Ground Balance pa geti iliyonse yatsopano. Mzere wa mamvekedwe uli ndi manambala awiri, 5 ndi 50, wina wa malume wina wa alamu.

Chimene sichinatheke ndi kusiyanitsa makobidi a nikelo ndi zitsekerero za mabotolo tisanakumbe. Alamu aona kuti ukachoka pa Multi n'kuyesa 5 kHz kenako 15 kHz, nambala ya chitsekerero imalumpha kutali pamene ya peni kapena sheleni imangosuntha pang'ono, koma 20c ya nikelo nayo ikulumpha, ndipo sitinaone ngati ikulumpha mosiyana. Loweruka likubwerali tikwirira ma 20c ndi ma 50c a m'ma 1970 pamodzi ndi zitsekerero zatsopano ndi zadzimbiri, zina chogona zina choima, ndipo wogwira makina asadziwe kuti pansi pa kamtengo kati pali chiyani. Koyilo yaing'ono ya mainchesi 6, imene ingalowe bwino pakati pa misomali ya ku Kensington, idikira chipereganyu cha Novembala, mwezi wolandira alamu.